Mabowo Atatu a Pansi pa Khonde

Nyumba imene ndinabadwiramo inali ndi zipinda zitatu zogona, pabalaza, kachipinda kosungira katundu ndi khonde lozungulira mbali zitatu. Ndikudziwa mulitali mwake, mulifupi mwake ndi kukhuthala kwa khoma lililonse chifukwa ndinayeza ndekha ndi tepi yobwereka kusukulu. Khoma lakumbuyo linali lokhuthala kuyambira pachigongono changa mpaka kunsonga ya chala chapakati, n'kuwonjezapo chikhatho china. Lero palibe chatsala choti munthu n'kuyeza, ndipo wochititsa ndine. Pakamwa panga m'polemera, n'chifukwa chake kwathu amanditchula kuti Chete, ndiye ndaganiza zongolemba.

Anamanga nyumbayi ndi agogo aamuna, bambo awo a bambo anga. Sindinawaone. Anali mmisiri, ndipo anatha zaka akumangira anthu masitolo ndi makalasi iwo akugona m'kanyumba kaudzu, mpaka agogo aakazi anawauza kuti atopa ndi mwamuna wofolera anzake pamene mkazi wake akutchera mabeseni pabedi. Malo amene anapeza anali m'munsi mwa chitunda, pamtsetse. Anthu anawaseka kuti pamenepo ndi panjira ya madzi, n'kumawafunsa ngati akumanga nyumba kapena mlatho. Iwo anangoyamba kututa miyala.

Ntchito inatha zilimwe zitatu. Maziko anali a miyala kufika m'mabondo, pamwamba pake njerwa zosawotcha, zazikulu zoti munthu ankanyamula imodziimodzi atakumbatira. Malata anagula kwa munthu amene ankagumula sitolo yake, olemera, amtundu umene masiku ano supezeka, ndipo denga analitulutsa kunja kwambiri kuti mvula isamanyambite makoma. Zipilala za khonde zinali zisanu ndi ziwiri. Chachisanu ndi chitatu chinayenera kuima pamene panali mtengo wa mandimu wa agogo aakazi, ndiye ngodya imeneyo inakhala yopanda chipilala, mtanda utagona pa mtanda unzake mwanjira yoti amisiri odutsa ankaima n'kumayang'ana. Mazenera anali aang'ono, a matabwa okhaokha, kupatula limodzi lalikulu loyang'ana kumsewu, limene anabowola pambuyo pake agogo aakazi atagula makina osokera n'kumadandaula za mdima. Kunja dzuwa likamawotcha, m'kati munkazizira ngati mumtsuko.

Chipinda chathu chinali chowonjezera. Anachimanga bambo anga atakwatira, n'kuti agogo atafooka, ndiye pansi pake panatsika ndi sitepe imodzi ndipo khomo lake linafupika. Tsiku loyamba kulowamo amayi anagunda mutu pafelemu. Azilamu awo anaseka kuti nyumba yawalonjera, ena n'kunong'ona kuti yawakana. Nthabwala imeneyi ndinakula ndikuimva.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka khumi. Maliro atatha, abale awo awiri anakhala pansi kukambirana za nyumba. Azakhali, omwe ndi oyamba kubadwa ndipo amakhala kutauni, ankafuna ikhale. Bambo aang'ono, omwe anthu amawatchula kuti a Mapulani chifukwa salankhula mphindi zisanu osajambula kanthu pansi ndi kamtengo, ankafuna igumulidwe. Msewu unali utangothiridwa phula, ndipo iwo ankaona kale mzere wa mashopu pamalopo. Azakhali anadula nkhani motere: alamu awo ndi mwana akhala m'nyumbamo bola nyumba ya bambo awo ili chiimire, koma tsiku limene idzagwe malo adzakhala a a Mapulani. Amayi analibe kwina kopita, anangothokoza.

Kuyambira pamenepo anasanduka wantchito wa makoma. Chilimwe chilichonse ankamata ming'alu ndi dothi, n'kupaka laimu. Ankakwera padenga kukatseka mabowo a misomali ndi phula, anthu akuwanena kuti mkazi wanji wokwera denga. Chiswe ankachimva ndi khutu, atatsamiza mutu pafelemu. Mvula ikatha bambo aang'ono ankabwera, n'kumagogoda khoma ndi kiyi wa galimoto ngati dokotala, akufunsa kuti alamu, nkhalamba yathu ikupumabe? Amayi ankawayankha kuti ikupuma, ndipo ikupereka moni.

Pansi pa khonde lakutsogolo, kuseri kwa maluwa a amayi, panali mabowo atatu, lililonse lokwana kulowa mkono, m'mbali mwake mwa miyala yathyathyathya. Chaka chilichonse mvula isanagwe amayi ankagwada pamenepo n'kumatokosa ndi nsungwi yaitali. Sindinafunse chifukwa chake, iwonso sananene. Kwathu kunali choncho, ntchito inkachitika koma sinkafotokozedwa. Nthawi ya dzinja pamalopo pankakhala matope osauma ndi udzudzu, ndipo ine ndinkaganiza kuti madzi a pabwalo ndi amene amalowera mmenemo. Kusukulu tinaphunzira za madzi oima ndi mauna a makoswe. Mabowo aja ndinkawaona ngati mano ovunda pankhope ya nyumba.

Chaka changa chomaliza cha sekondale aphunzitsi a mbiri anatiuza kulemba chimangirizo cha chinthu chakale cha kwathu. Ndinalemba za nyumba, ndi miyeso yonse ndi chithunzi chojambula ndi lula. Za mabowo sindinalembe, ndinachita nazo manyazi. Aphunzitsi anakonda chimangirizocho mpaka anawerenga pamaso pa kalasi yonse, ine nditazolika. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa ngati nafenso a m'nyumbamo ndife zinthu zakale zoonetsa alendo, kalasi n'kuphulika kuseka. Aphunzitsi anamudzudzula, kenako ananena chinthu chimene chinandiopsa kuposa kusekako: mayeso akatha adzabwera ndi ophunzira okonda mbiri kudzaona nyumbayo ndi maso awo.

Nditangomaliza mayeso, amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, anagonekedwa kuchipatala chakutali, ndipo amayi anapita kukawadwazika. Anati abwera pakatha masabata awiri. Anandisiyira malangizo a nkhuku, a chiswe cha pafelemu ya chipinda chathu, ndi a mayi woyandikana nafe amene ankabwera kudzagona nane. Za mabowo sanatchule chifukwa anali atatokosa kale.

Tsiku loti mawa aphunzitsi abwera ndinasesa paliponse. Ndikuzula udzu m'maluwa, khoswe wamkulu anadutsa pamapazi panga n'kulowa m'bowo lapakati mosafulumira, akukhwekhwereza mchira. Ndinamuona m'maganizo akutuluka mawa pamaso pa mnyamata uja. M'kachipinda ka katundu munali theka la thumba la simenti lotsala pamene tinkakonza sitepe, komanso mpeni womangira wa agogo utakulungidwa m'chiguduli. Ndinasakaniza monga mwa buku, mchenga magawo atatu simenti gawo limodzi. Ndinayamba ndalowetsa miyala mpaka pomwe mkono wanga unathera, kenako simenti, ndikusindira ndi mpini wa khasu kuti pasatsale mpata. Ndinasalaza, ndipo m'mawa mwake ndinapakapo laimu. Manja anang'ambikang'ambika, koma ndinanyadira. Ndinaganiza kuti ndakonza chimene agogo anaiwala.

Aphunzitsi anabwera ndi ophunzira khumi ndi mmodzi. Anasisita makoma, anajambula ngodya yopanda chipilala ija ndi foni, n'kuuza gulu kuti makolo athu ankadziwa sayansi asanaione m'buku. Ananena zimenezi ataima pakhonde, pamwamba penipeni pa simenti yanga. Palibe anaseka. Ine ndinalankhula mawu osapitirira khumi, koma tsiku limenelo ndinagona mtima uli m'malo.

Masabata awiri a amayi anasanduka asanu ndi anayi. Mvula inayamba, ndipo inali ya mphamvu. Choyamba kubwera chinali fungo, ngati la chovala chosauma bwino. Kenako pansi pa pabalaza panayamba kutuluka thukuta, mphasa n'kuchita nkhungu. M'munsi mwa khoma lakutsogolo munaoneka mzere wakuda umene unkakwera tsiku ndi tsiku. Ndinkaika chizindikiro cha pensulo m'mawa uliwonse n'kulemba tsiku, ngati ndikuchita zoyesera za kusukulu. Chitseko chachikulu chinayamba kukakamira. Ndinakwera padenga kawiri, ndinapeza malata ali bwinobwino. Mayi wodzagona nane uja anayamba kukhosomola, n'kunena kuti azigona kwawo.

Apa ndiyenera kunena zoona. Pofika sabata yachitatu ya mvula ndinali nditayamba kukayikira. Pamaluwa paja, pomwe chaka chilichonse pankakhala matope, panali pouma kuposa kale, pamene m'nyumba munali monyowa. Sindine wopusa, ndinaona. Ndinagwada n'kukankha simenti ndi chala, kenako ndi mpeni wa kukhitchini, mpeniwo n'kupindika. Pankafunika tchizulo, chitsulo chogobera ndi nyundo. Wokhala ndi tchizulo m'mudzi mwathu anali mmisiri wokalamba amene anaphunzira ntchito kwa agogo, yemwe timamutchula kuti a Levulo chifukwa levulo yawo, chida choonera kuwongoka kwa khoma, sachoka nayo m'khwapa ngakhale popita kumaliro. Ndinapita mpaka pakhomo pawo. Ananditulukira, n'kundifunsa kuti mdzukulu wa abwana anga, kwagwanji? Ndinaganiza za mafunso amene adzatsatire ndikatchula tchizulo. Ndinawauza kuti ndimangodutsa, ndati ndipereke moni. Anandipatsa mapeyala awiri, ndinabwerera nawo kunyumba.

Amayi aakulu anamwalira, ndipo amayi anabwera maliro atatha, ataonda, chakumasana. Anakankha chitseko ndi phewa, anaima pabalaza n'kununkhiza. Chikwama sanatule. Anayang'ana mzere wakuda ndi zizindikiro zanga za pensulo, zimene zinali zitafika m'chiuno, kenako anatuluka kulunjika kumaluwa. Anagwada n'kupatula masamba. Kenako anatembenuka.

“Anakuphunzitsa ndani kusakaniza simenti bwino chonchi?”

Anandituma nyundo ndi chitsulo chakale cha pawilibala, n'kuyamba kukhoma atavala zomwe anabwera nazo paulendo. Ndinati ndiwalandire, anandikankha ndi chigongono. Dzuwa litapendeka bowo lapakati linatseguka. Madzi akuda onunkha anatumphuka ngati pampopi, n'kuwanyowetsa kumaso ndi pachifuwa, ndipo anayenda osaleka mpaka tsiku lotsatira. Mabowo enawo anangowagumula pakamwa pokha, m'kati simenti yanga inakana.

Patapita masiku awiri, chakum'mawa dzuwa litakwera, tinali kuseri tikuchapa. Sitinamve phokoso lalikulu. Khoma lakutsogolo la pabalaza linangokhala pansi ngati munthu wotopa, zipilala ziwiri n'kulitsatira, malata n'kulendewera. Zenera lalikulu la agogo aakazi linagona chagada m'maluwa, osasweka n'komwe. Amayi anapita kukaona atagwira malaya anga asukulu akudontha thovu. Sanalire.

Bambo aang'ono anafika tsiku lomwelo, sindikudziwa anawauza ndani. Anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, nkhope ya pamaliro, koma ndinawaona akuyeza kutsogolo ndi mapazi, kuchokera kumsewu. Azakhali anafika Loweruka. Anaitanitsa a Levulo kuti adzaone, ndipo tinakhala pakhonde lam'mbali lomwe linatsala, akulu pamipando, ine ndi amayi pamphasa. Anthu oyandikana nafe anadzaza m'mbali mwa mpanda, ena atanyamula ana.

A Levulo anafotokoza zimene ndinayenera kufunsa kalekale. Anati nyumbayi sinamangidwe pouma. Madzi a m'chitunda amayenda pansi pa nthaka, ndipo agogo, podziwa kuti sangalimbane nawo, anawapangira njira: ngalande zitatu za miyala zoyambira kuseri kwa khoma lakumbuyo, kudutsa pansi pa zipinda, n'kutulukira pansi pa khonde. Anati abwana awo ankazitchula kuti mphuno za nyumba, ndipo miyala yake anatuta ndi iwo ali mnyamata. Ukatseka potulukira, madzi amadzaza maziko n'kukwera m'njerwa, ndipo njerwa yosawotcha ikamwa madzi imabwerera kwawo. Azakhali anafunsa ngati n'zotheka kukonza. A Levulo anati n'zotheka: kuchirikiza denga ndi mitengo, kutsegula mphuno, kudikira chilimwe, n'kumanga khoma limodzi lokha. Makoma enawo akhoza kutiika m'manda tonse tili panofe.

Bambo aang'ono anati pangano ndi pangano, nyumba yagwa. Azakhali anati lagwa ndi khoma, nyumba sinagwe, asawaphunzitse mawu awo omwe. Pamenepo bambo aang'ono anatulutsa chibenthu cha simenti m'thumba la jekete n'kuchiika patebulo.

“Iyi si ya bambo. A Levulo, ya liti iyi?”

A Levulo anachitembenuza m'manja monyinyirika, n'kunena kuti ya chaka chino.

“Ndiye mwamva, achemwali. Nkhalamba sinafe ndi ukalamba. Wina anaitseka mphuno.”

Azakhali anavula magalasi. Iwowa amandikonda mwanjira yawo. Amati mphumi yanga ndi ya bambo anga, ndipo akamandionetsa kwa anzawo amati awa ndi magazi athu enieni. Za amayi anga sananenepo zotero. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine, kenako analankhula pang'onopang'ono kuti a kumpanda amve.

“Ngati wachita ndi mwanayu, ndi chibwana. Ndi mdzukulu wa mwini nyumba, wawononga chake, timukalipira ndipo timanga. Koma ngati ndi inu alamu, zaka makumi awiri muli muno, mphunozi mukuzidziwa. Ndiye kuti mwatopa nayo, ndipo ine sindingakakamize munthu kusunga chimene watopa nacho.”

Amayi anatembenukira kwa ine.

“Musamuyang'ane mwanayo, alamu,” anatero bambo aang'ono. “Musamuphunzitse ndi maso. Ali ndi pakamwa pake, ngakhale sitinapamvepo. A Chete, ophunzira athu, tiuzeni. Mwina munaphunzira zomangamanga ife osadziwa.”

Kumpanda wina anaseka. Ndinamva kuseka komwe kuja kwa m'kalasi. Ndinaona mmene nkhaniyi idzayendere m'mudzi: mtsikana wa mabuku, amene anabweretsa aphunzitsi kudzajambula nyumba, ndi amene anaipha poopa khoswe. Ndinkayang'ana manja anga, pomwe ming'alu ya simenti inali itapola n'kusiya timizere toyera.

“Chete, mwana wa achimwene,” anatero azakhali mofatsa. “Ndiwe?”

Ndikanangokhala duu, mwina akanafunsanso. Koma ndinapukusa mutu. Pang'ono chabe, kamodzi uku kamodzi uku, koma aliyense anaona.

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Amayi akanatha kunena kuti ndikunama, ndipo a Levulo, amene anali atandiyang'ana kuyambira pomwe anagwira chibenthu chija, ndikuganiza kuti anali atakumbukira moni wanga uja. Koma mayi akatsutsa mwana wake pagulu pankhani yoti iye mwini apulumuke, amamveka bwanji? Bambo aang'ono anali atatseka kale njira imeneyo.

“Ndine,” anatero amayi. “Makoswe ananditopetsa.”

Azakhali anavalanso magalasi. Anati chabwino, tamva tonse, alamu apatsidwe mpaka kutha kwa mwezi kuti apeze pokhala. Ine anati ndikafuna ndikakhale nawo kutauni podikira zotsatira za mayeso. Bambo aang'ono anabweza chibenthu chija m'thumba, sindikudziwa kuti ankati akachitenso nacho chiyani. A Levulo anadzuka osatsanzika.

M'mawa mwake ndinanyamula chikwama cha azakhali kuwaperekeza pokwerera basi. Njira yonse ndinkakonza mawu. Titafika panalibe munthu wina, ndipo ndinawatulutsa onse nthawi imodzi, ndikuyang'ana nsapato zawo: khoswe, aphunzitsi, simenti, tchizulo imene sindinapemphe. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndinadziwa usananene,” anatero. “Amayi ako amamata ndi manja, mpeni womangira sadziwa pogwira. Ukuganiza kuti dzulo ndimalankhula zonse zija chifukwa cha ndani? Ndinakutsegulira chitseko mpaka kuchichotsa m'mahinjesi.”

Ndinawapempha kuti tibwerere akawauze bambo aang'ono. Anapukusa mutu, iwo mwamphamvu kuposa ine. Anati mawu anapereka pamaso pa mudzi wonse, ndipo akabwerera lero mchimwene wawo adzati amayi andituma, anthu n'kumukhulupirira. Anatinso iwo akalamba, zaka zisanu ndi ziwiri akukangana ndi m'bale wawo chifukwa cha dothi, mwina Mulungu wangowapumitsa. Apo ndinazindikira kuti mumtima mwawo munali chisoni koma munalinso mpumulo. Basi itafika anandigwira tsaya n'kunena kuti ndisalire, ndikadali mwana, ndidzaiwala.

Kutauni sindinapite. Amayi anapeza chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo, cha njerwa zowotcha ndi malata opyapyala opanda siling'i. Chigayo chikayamba, makapu amavina okha pashelefu. Tinasamuka ndi ngolo maulendo atatu. Tebulo lalikulu linakana kulowa pakhomo, tinalisiya kwa mwini chigayo, ndipo pano amayezerapo matumba.

Anyamata a bambo aang'ono anayamba ndi malata. Bambo aang'ono anapempha a Levulo kuti atsogolere ntchitoyo, iwo anakana kuti msana ukuwapweteka, ngakhale sabata yomweyo ndinawaona padenga la munthu wina. Khoma lakumbuyo linawatengera masiku anayi anthu asanu, akulitukwana. Pansi atakumba anapeza ngalande zija zili zoyera, miyala italumana popanda ndi dothi lomwe, ndipo anthu ankabwera kudzaona. Bambo aang'ono analamula kuti azikwirire ndi zigumukire n'kuthirapo konkire. Wina atawachenjeza za madzi, anati zimenezo ndi za makedzana, masiku ano kuli simenti.

Masabata onsewo amayi sanatchule nkhaniyi. Ankandilankhula za mchere, za madzi, za nkhuni. Sanandimenye, ndipo ndinkalakalaka akanandimenya. Tsiku lina masana, chigayo chitazima chifukwa cha magetsi, anakwera pampando kuti amange chingwe chopachikapo nsalu yogawa chipinda pakati. Ine ndinagwira mpandowo. Poti sankandiona kumaso, ndinalimba mtima.

“Amayi, azakhali ndinawauza. Zonse.”

Anapitiriza kukhoma msomali. Utalowa anafunsa kuti ndinawauzira kuti.

“Pokwerera basi.”

“Panali ndani?”

“Panalibe munthu.”

“Ndiye unauza msewu.”

Anamanga mfundo n'kuikoka kuona ngati yalimba. Ndinati pepani, mawu osamveka bwino. Anatsika pampando, anakhala pabedi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni tsiku lija anandiyang'ana m'maso.

“Simenti ija sindinakukwiyire nayo,” anatero. “Sunkadziwa, ndipo wolakwa ndine, sindinakuuze. Ndakhala ndikuziganiza. Khoma likanamangidwa. Koma pamphasa paja ndinakudikira, mwana wanga. Ndinati uyu amachedwa kuyankha, ndimudziwa, kuyambira ali wamng'ono amayamba wameza malovu. Ndiye ndinaona mutu wako.”

Ndinafuna kunena kuti ndinachita mantha, kuti anthu ankaseka, kuti sindinaganize. Zonsezo ankazidziwa kale.

Anatambasula nsalu, yamaluwa obiriwira yomwe kale inali katani ya pabalaza, n'kundipatsa nsonga imodzi. Tinaipachika. Inaperewera pang'ono, moti pansi panatsala mpata woti mapazi n'kuoneka. Anandifunsa mbali imene ndikufuna, ya kuzenera kapena ya kukhomo. Ndinati iliyonse. Anati ndisankhe ndi pakamwa. Ndinasankha ya kukhomo, iwo n'kulowa kuseri kwa nsalu, ndipo magetsi atayaka chigayo chinayambanso.